Chigonere adatsika Khwekhwerere

Kuchokera pakhomo panga kukafika m'kalasi ndi mapazi 300. Ndidawerengapo tsiku lina. Tchalitchi chili kuseri kwa bwalo la mpira, msika wa Lachinayi uli kutsidya kwa dambo, ndipo chigayo chili pamsika pomwepo. Kulikonse kumene ndimafunika ndimafikako wapansi. Komatu munthu yemweyu ndili ndi galimoto. Imakhala m'kashedi ka malata pambali pa nyumba, yofunditsidwa lona, ndipo nkhuku zidazindikira kale kuti pansi pake pali mthunzi wabwino. Ana a Fomu 3 adaipatsa dzina loti Chigonere. Amaganiza kuti sindikudziwa.

Ndidaigula chakumapeto kwa 2022, chaka chomwe mizere idayamba kutalika m'malo omwetsera mafuta. Tinkachonga mayeso ndi anzanga a m'tauni, ndipo nkhani ya pa chakudya cha masana idali ya magalimoto a hybrid, oyendera petulo ndi magetsi pamodzi: Toyota Aqua, Prius, Honda Fit, aja adzadza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Mnzanga wina ankati lita imodzi imamuyendetsa makilomita oposa 20. Sankanama. Chimene sindidadzifunse n'chakuti iyeyo amachoka ku Area 25 m'mawa uliwonse kulowa m'tauni, kuima ndi kunyamuka mumzere wa magalimoto, pomwe ine ndimakhala m'dera la mapiri a Chongoni ku Dedza, makilomita 14 kuchoka pa tala wa M1.

Ndidatenga ngongole ya zaka zitatu ku SACCO, n'kuphatikiza ndi ndalama za mbatata ya kachewere ya nyengo ziwiri. Galimoto idachoka ku Japan pa sitima ya pamadzi kufika ku Dar es Salaam, adaiyendetsa makilomita oposa 900 mpaka pachipata cha Songwe, ine ndidakailandirira pomwepo nditalipira msonkho. Tidadutsa Karonga, kukwera Chiweta, kugona ku Mzuzu, kenako Kasungu, Lilongwe mpaka kuno, makilomita pafupifupi 700. Mpaka lero ulendo umenewo ndiwo wautali kuposa wina uliwonse umene yayendapo m'manja mwanga.

Zifukwa zoigonekera sizidasowe. Ndi yaifupi mimba, ndipo msewu wathu mvula ikagwa kawiri umasanduka ngalande. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, petulo n'kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, malipiro anga n'kutsala m'mbuyo. Mafuta atasowanso chakumapeto kwa 2024, kukaima pamzere ku boma kunkatanthauza kuwotcha petulo pokasaka petulo, ana n'kukhala tsiku lonse opanda mphunzitsi wa masamu. Ndiye ndidasankha kuisunga. Ndinkaitenga ngati suti ya ukwati: ukaipinda bwino m'sutikesi, zaka zipite, udzaipeza momwemo.

Usiku wina wa Febuluwale chaka chino, cha m'ma 1 koloko, mvula ikuwaza, kudamveka kugogoda pawindo. Adali alonda a pasukulu, bambo achikulire omwe sadandipemphepo kanthu chibwerere changa kuno.

"Aphunzitsi, pepani kukudzutsani. Mwana wanga uja matenda amuyamba, ndipo amayi ake akuti sizikuoneka bwino."

Mwana wawo wamkazi adali woyembekezera, pakati poyamba. Chipatala chaching'ono cha kwathu chili pa mtunda wa makilomita 9. Ndidavundukula lona, n'kudina kiyi kuti zitseko zitseguke. Zii. Ndidasolola kakiyi kachitsulo kaja kobisika m'kati mwake, kutsegula chitseko, kukhala pampando, kuponda buleki, kudina batani. Palibe nyali ngakhale imodzi idayaka. Galimoto idali itatha masabata asanu osalizidwa. M'thanki mudali mafuta opitirira theka, omwe ndinkauza aliyense kuti ndikusungira tsiku la mavuto.

Posakhalitsa pakhomo padadzadza. Ahedi adabwera ndi tochi, anyamata atatu a Fomu 4 omwe amachita lendi kuseri kwa sukulu adabwera opanda malaya. "Sala, lowani tikukankheni, pamtsetse apa ilira!" Giya idali itakakamira pa P, galimoto sidasunthe ngakhale pang'ono. Ngakhale ikadasuntha sikadalira, chifukwa galimoto yotere ilibe kilatchi yoti uitaye pamtsetse injini n'kudzuka. Zimenezi ndidazimva pambuyo pake. Usiku umenewo ndinkangodina batani mobwerezabwereza ngati munthu wogogoda pa nyumba yoti eni ake adasamuka.

Mtsikanayo adapita pa njinga yamoto ya kabaza, iye pakati, mayi ake kumbuyo atamukumbatira, m'matope muja. Kutacha kudabwera uthenga woti kwabadwa mwana wamwamuna ndipo onse ali bwino. Masana ake alonda adabwera kudzandithokoza. "Mudadzuka, aphunzitsi, mudayesetsa." Akadandinyoza bwenzi zili bwinoko.

Makaniko adachokera ku Dedza boma pa njinga yamoto, batire ndi nthambo atamangirira kumbuyo. Ndi mnyamata wocheperapo kwa ine, koma adandikhazika pansi ngati wa Fomu 1.

"Aphunzitsi, galimoto iyi ili ndi mabatire awiri. Lalikulu ndi limene limayendetsa matayala ndi kudzutsa injini. Laling'onoli, la mavoti 12, ndi mlonda wapachipata. Limayatsa kompyuta, kompyutayo n'kutsegulira lalikulu. Mlonda akagona, bwana angakhale wamphamvu bwanji, satuluka."

Adafotokoza kuti batire laling'onolo silipuma ngakhale galimoto itazima: loko wa zitseko amakhala akumvetsera kiyi, kompyuta imakhala ikusunga zake. Limakhetsa mphamvu pang'onopang'ono ngati ndowa yobooka, ndipo limadzadzanso pokhapokha nyali yobiriwira yolembedwa READY ikayaka, chifukwa pamenepo ndi pomwe lalikulu limaligawira. Ine Lamlungu lina ndinkakhala m'galimoto kumvera mpira pa wailesi osaiyatsa mpaka pa READY, ndikuganiza kuti ndikupulumutsa petulo. Ndinkapha mlonda uja ndi manja anga. Adati kamodzi pa sabata ndiziiyatsa kwa ola limodzi, panja osati m'nyumba yotseka chifukwa cha utsi, giya ili pa P, injini izilira ndi kuzima yokha mmene ikufunira. Batire lalikulu nalo limatsika likangokhala, koma mochedwa. Likatsikitsitsa patapita miyezi yambiri, nthambo za galimoto ya mnzako sizithandiza, pamafunika makina apadera, ndipo kugula lina ndi nkhani yoti munthu wa malipiro ngati anga akhale kaye pansi.

Kenako adatsegula boneti, ndipo manyazi adapitirira. M'bokosi la sefa ya mpweya mudali chisa cha makoswe, chomangidwa ndi makoko a chimanga ndi mapepala a mayeso a teremu yatha. Mawaya awiri adali atatetedwa. Zitsulo zozungulira za mabuleki zidali zitachita dzimbiri. Oyilo adali woti sadayende n'komwe mtunda wake, koma adali atakhalitsa kupitirira chaka, ndipo oyilo amakalamba ndi miyezi, osati ndi makilomita okha. Petulo nayenso akakhalitsa m'thanki amaguga. Pambali pa mpando wakumbuyo pali timabowo tolowera mpweya woziziritsa batire lalikulu. Tidali titatsekeka ndi fumbi la m'chilimwe. Batire laling'ono lidali litafa ndithu, poti likaphwa mpaka pansi kangapo silibwereranso mwakale.

"Mwaiwononga poisamala," adatero akusamba m'manja. "Ipatseni msewu, aphunzitsi. Osati wopita kuchigayo. Msewu weniweni."

Usiku wake tidakhala patebulo ndi mayi akunyumba, kope lili pakati. Masamu ndi ntchito yanga, koma awa ndidawazemba kwa zaka ziwiri. Chaka chathachi galimoto idayenda makilomita 1,900 okha. Tinene kuti galimoto wamba imayenda makilomita 12 pa lita ndipo yathu 20. Wambayo ikadamwa malita 158, yathu 95. Tidapulumutsa malita 63, omwe pa mtengo wa nthawi imeneyo wa K2,530 adali ndalama yosakwana K160,000 pa chaka chonse. Batire latsopano ndi kukonza mawaya zidameza yonseyo tsiku limodzi. Inshulansi, COF ndi ngongole sizifunsa kuti galimoto yayenda kapena ayi. Titaphatikiza zonse n'kugawa ndi makilomita aja, zidapezeka kuti kilomita iliyonse idatidyera ndalama zambiri kuposa kukwera kabaza.

"Abambo, tigulitse," adatero. "Tigule njinga yamoto, yotsalayo tifolerere nyumba ya kumudzi."

Sindidapeze polakwika m'masamu awo. Ndidangoti tiganize kaye, yankho la mwamuna amene wagonja koma sakufuna kuvomera. Amene adatipatsa chochita ndi mayi anga ondibereka. Kwawo ndi ku Mtakataka, kunsi kwa mapiri, ndipo adabwera kuno chitengwa ali mtsikana. Mng'ono wawo adatsala komweko, ndipo padali patatha zaka zinayi asanaonane, chichitikireni maliro a mlongo wawo. Maondo awo sakulolanso kukwera ndi kutsika minibasi katatu pa ulendo umodzi. Adamva nkhani yonse ali chete, akutongola chimanga.

"Galimoto ikufuna kuyenda, ine ndikufuna kuona mng'ono wanga. Nanga vuto lili pati, mwananga?"

Tidanyamuka Loweruka lina la Juni, 6 koloko m'mawa, kuzizira kwa ku Dedza kuli pachimake, chifunga chitagona m'dambo. Kumbuyo tidaika thumba la mbatata, ndowa ya nyemba ndi kabichi zisanu, pakuti munthu wakumtunda satsikira kuchigwa chimanjamanja. Galimoto idatitimira. Pa ngalande ya pafupi ndi manda mayi akunyumba ndi mwana wathu adatsika kuti mimba yake isakhule pansi, ine n'kudutsa mopingasa, agogo ali m'kati akupemphera motsitsa. Makilomita 14 aja adatitengera mphindi 50. Chiyambireni injini sidazime kwa nthawi yaitali, chifukwa ikazizira imayenera kudzitenthetsa kaye, makamaka ukayatsa chotenthetsera m'kati. Apa ndi pomwe ndidamvetsa kuti timaulendo tanga ta makilomita atatu tinkatha injini isanafunde n'komwe, mbali ya magetsi isanagwire ntchito yake. Ngakhale 20 wa m'kope uja ndidadzikomera naye mtima.

Titakwera pa tala galimoto idasintha khalidwe. Kulira kwa dzimbiri kumatayala kudatha titaponda buleki kangapo. Tidadutsa pansi pa phiri la Dedza, lotalika kupitirira mamita 2,000, mitengo ya paini ikutuluka m'chifunga. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'mawa wa Juni aliyense amene umakumana naye amakhala atapinda manja m'khwapa. Pa mphambano ya ku Bembeke amayi adali atayala kale tomato ndi mbatata m'ndowa, zoumbidwa mpaka nsonga, iwo atadzikulunga zitenje kumutu. Chigawo ichi cha M1 n'chodabwitsa kwa mlendo: malo ena msewu ndiwo malire, kumanzere Malawi, kumanja Angonia ku Mozambique, chilankhulo chimodzi, mbatata imodzi.

Pa Masasa, tisanafike pa Lizulu, tidakhotera kumanzere kulowa msewu wa ku Golomoti. Poyamba sumaonetsa chilichonse: minda ya chimanga chokololedwa, nyumba za njerwa, ana othamangitsa mbuzi. Kenako dziko limangotha. Kutsogolo kwako kulibenso munda, kuli mlengalenga, ndipo pansi patalitali pali chigwa chayalidwa ngati mphasa, nyanja ikunyezimira kumapeto kwake. Apa ndiye pa Khwekhwerere. Dzinalo likunena lokha. Msewu umatsika mamita pafupifupi 1,000 mokhotakhota, ukudzipinda ngati njoka, khona ina ukuiona pansi pa inzake. Zitsulo zotchinga m'mbali zidapindika malo angapo, umboni wa ena amene mabuleki adawakana.

Nditachotsa phazi pa moto, injini idazima. M'galimoto mudangoti zii, kumveka matayala okha ndi mphepo.

"Yafanso?" adafunsa mayi anga, dzanja litagwira mpando wakutsogolo.

"Ayi amayi, ikudya mtsetse."

Pa kagalasi ka kutsogolo mivi idali itatembenuka. M'malo mochoka ku batire kupita kumatayala, inkachoka kumatayala kubwerera ku batire. Mota imene imakankha galimoto pamalo athyathyathya imasanduka jenereta pamtsetse: matayala amaizungulitsa, iyo n'kupanga magetsi, ndipo kulimba kwa ntchito imeneyo ndi kumene kumachepetsa liwiro. Ndakhala zaka zambiri ndikujambula pa bolodi kuti mphamvu sitayika, imangosintha maonekedwe, ana n'kukopera m'makope mwaulemu osakhulupirira. Ineyo ndidali ndisanazionepo ndi maso. Tsiku limenelo kutalika kwa phiri kunkalowa pansi pa mpando umene adakhalira mayi anga, kamzere ndi kamzere, mwana wathu akuwerenga mokweza. Ndidalakalaka Fomu 3 yonse ikadakwana m'galimoto.

Tisanafike pakati pa mtsetse timizere tonse tidadzadza. Makaniko adali atandichenjeza za pamenepa. Batire likakhuta sililandiranso, ndipo ntchito yonse yoletsa liwiro imagwera mabuleki, omwe pamtsetse wautali chonchi amatentha n'kuyamba kufooka. Ndidakokera giya pa B. Injini idayamba kuzungulira ndi phokoso, osati kuti itikoke koma kuti itigwire, ngati ng'ombe yokanira ngolo potsika kudambo. Amene muli ndi magalimoto amenewa ndipo mudali musanadziwe ntchito ya B ameneyu, ndi ya malo ngati ano. Ine kwa zaka ziwiri ndinkaganiza kuti chilembocho chikuimira batire.

M'makhona ena muli timisasa ta anthu osema zidole za mitengo, ndipo amene adadutsapo amatidziwa. Amasema magalimoto, mathirakitala, njinga, ndege, zokhala ndi matayala ozungulira ndi zitseko zotseguka. Mwana adachonderera mpaka tidaima, mabuleki nawo apumeko. Bambo wina adabwera akupukuta utuchi m'manja, n'kuyamba kuzungulira galimoto yathu.

"Iyi ndi ija yosamwa mafuta, bwana?"

"Imamwa, koma pang'ono."

"Ndiye zathuzi zaposa. Sizimwa n'komwe."

Mayi akunyumba adanyamula kagalimoto kamodzi, n'kukatembenuza. "Tikanadziwa tikadagula aka, abambo. Ntchito yake ndi yomweyo, kukongoletsa pakhomo." Wosema uja adaseka osadziwa kuti akusekera pa chilonda. Tidagula kathirakitala.

Kutsika Khwekhwerere ndi kuvula zovala. Pamwamba tidali m'majuzi. Pofika pansi agogo adali atachotsa mpango wa m'khosi ndipo mawindo adali otsegula. Paini adatsala kumwamba, kuno kuli milambe, mimba zake zazikulu, nthambi zopanda masamba. Mpweya umalemera, fungo limasintha, ngakhale mbuzi zimayenda mwaulesi. Pa Golomoti msewu umakumana ndi M5, wochokera ku Salima kupita ku Balaka, ndipo ukapitirira kutsogolo umalowera ku Monkey Bay. Chapafupi pomwepo pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, omwe adayamba kugwira ntchito mu 2022, okhala ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu. Tili pamzere wogula nthochi ndidaganiza za mabatire amenewo. Amadzadza, amakhuthula, amadzadzanso, ndipo ndiyo ntchito imene adawagulira. Langa lidakhala miyezi likusungidwa ngati ndalama ya m'chitini.

Kutentha kudabweretsa phunziro lina. Pansi pa mpando wakumbuyo padayamba kumveka kafani kakulira mwamphamvu. Titaima tidapeza kuti mtolo wa zitenje wa agogo udatseka timabowo ta mpweya tija. Batire lalikulu limadana ndi kutentha kuposa china chilichonse. Ndiye mwina chinthu chimodzi chokha chimene kwathu kumaikomera galimoto imeneyi ndi kuzizira kwa mapiri.

Tidalowera kumpoto pa M5, ndikuzemba maenje. Pamalo odzadza anthu, pomwe liwiro limatsika ngati la njinga, injini inkazima galimoto n'kumayenda ndi magetsi okha, mwakachetechete moti bambo wina wonyamula makala pa njinga sadatimve mpaka ndidaliza hutala. Adatembenuka mokwiya ngati tamuzembera dala. Kuyenda kotereku, kuima, kunyamuka, kukwawa, ndiko kumene galimoto wamba imawotcha mafuta pachabe pomwe iyi imapulumutsa. Mnzanga wa ku Area 25 amakumana nako m'mawa ndi madzulo. Ine ndidachita kutsika phiri kuti ndikupeze.

Pa Mua mayi anga adapempha kuti tipatuke. Mishoni imeneyi adaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo iwo adabatizidwira pomwepo. Alendo ambiri amabwerera malo a za chikhalidwe a Kungoni, omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, kudzaona zosema ndi zigoba za gule wamkulu. Ife sitidalowe. Agogo adangokhala pa benchi la kumbuyo m'tchalitchi kwa mphindi khumi, n'kutuluka akuloza mwana wathu njira yotsikira kumtsinje kumene ankachapa ali atsikana.

Ku Mtakataka tidafika 10 koloko isanakwane. Galimoto idalowa pabwalo mosamveka, ndipo mayi aang'ono, omwe ankapeta mpunga atatifulatira, adazindikira titaima kale. Lichero lidagwa. Sindidzayesa kulemba mmene amayi awiri okalamba amalonjerana patatha zaka zinayi. Adagwirana m'manja nthawi yaitali, kuyang'anana kumaso, wina kunena kuti mnzake waonda, winayo kukana, kenako kuwerenga amene adamwalira chionaniraneni, kulira pang'ono, kenako kuseka za mano amene adaguluka. Ife tidangoima poteropo ndi thumba la mbatata.

Pa nsima ya usipa mayi aang'ono adandiyang'ana, kenako n'kuyang'ana galimoto yomwe ana a m'mudzi adali ataizungulira.

"Mwagula liti, aphunzitsi?"

"Chaka chino chikhala chachitatu."

"Chachitatu. Ndiye msewu wobwera kuno adangoumanga dzulo?"

Palibe adandithandiza kuyankha. Kuchokera kwathu kufika pabwalo limenelo ndi makilomita 118, maola atatu ndi theka kuphatikizapo kuima konse. Pa zaka zinayi zija, ziwiri ndi theka galimoto idali m'kashedi, mayi anga akuiona tsiku ndi tsiku pokatola mazira pansi pake, osanena kanthu. M'kope lathu lija mudalibe mzere wa zimenezi.

Tidabwerera cha m'ma 3 koloko ndi thumba la mpunga, malambe ndi nsomba zouma zokulungidwa m'nyuzipepala. Chimene Khwekhwerere adatipatsa m'mawa adatilanda madzulo. Timizere ta batire tidatha m'makhona oyambirira, injini yaing'onoyo n'kutsala ikubangula, ikukoka anthu anayi ndi mpunga. Tidakwera pang'onopang'ono kumbuyo kwa lole ya simenti, nyanja ikufiira m'galasi, majuzi tikuvalanso limodzi ndi limodzi. Pa Dedza boma ndidapeza mafuta popanda mzere, ndidadzadzitsa kuti ndione. Pa makilomita 200 ndi pang'ono omwe tidayenda chidzadzitsireni m'mawa, idamwa malita osakwana 10. Mnzanga uja sankanama ndithu.

Sindidagulitse, komanso sindidanene kuti sindigulitsa. Ngongole yatsala miyezi isanu. Pali mnyamata wina woyendetsa takisi ku Lilongwe amene amandiimbira mwezi ndi mwezi, ndipo ndikudziwa kuti m'manja mwake galimotoyi ingapulumutse pa mwezi umodzi mafuta amene ine ndimapulumutsa pa chaka. Aliyense wokhala kumudzi ngati ine akandifunsa lero, ndimamuuza kuti awerenge kaye makilomita amene amayendadi pa chaka asanawerenge makilomita a pa lita. Mayi akunyumba sadasinthe maganizo pa za njinga yamoto, ndipo nyumba ya kumudzi ikadali yosafolera.

Pakadali pano chimanga ndidachichotsa m'kashedi, tidapeza mphaka, ndipo pa denga pali kasola kakang'ono kodyetsa batire laling'ono lija. Malipiro akatuluka timasonkherana petulo ndi aphunzitsi anzanga atatu kupita ku boma. Mayi anga adaiwala dala mpango wawo ku Mtakataka, ndipo akuti tikautenge mpunga wina usanakololedwe. Lachisanu lililonse, alonda akamayamba ntchito madzulo, amadzera pakhomo panga, chibonga chili m'khwapa. Mdzukulu wawo tsopano akukhala yekha pansi. Safunsa zambiri.

"Mwailiza sabata ino, aphunzitsi?"

Ndikati ayi, amaima pomwepo mpaka ndikatenge kiyi.